Tsiku Limene Linus Anayenda

"Mukatseka kubereka mwatseka, mayi, sizibwerera," anatero Salome, namwino wa pachipatala chaching'ono cha kwawoko. "Koma inuyo mtima wanu ukuti chiyani?"

Magadalena anayang'ana pansi. Funso limeneli panalibe amene anamufunsapo. Pobereka Linus, mwana wachisanu ndi chiwiri, anataya magazi mpaka wansembe anamudzoza mafuta a odwala. Dokotala wa kuboma anachita kumuuza pamaso kuti mimba ina idzamutengera kumanda.

"Ndikufuna ndiwalere anawa," anayankha.

"Ndiye abwere amuna anu adzavomere. Popanda iwo dokotala sangakugwireni."

Mfundo inali pamenepo. A Gerevazio, amuna ake, anali mkamwini pamudzipo, komanso oimbitsa kwaya.

"Ine pano ndine tambala wobwereka," anatero. "Mbumba ndi ya atsibweni ako. Nanga kutchalitchi akamva, ndikaimbitsa ndi nkhope yanji?"

Atsibweniwo, a Ezara, anawapeza akukumba kachewere kudimba. Sanaweramuke n'komwe.

"Za kuchipinda ine ndizilowe bwanji? Mutu umodzi susenza denga, mwana wanga. Kakambiraneni ndi bambo a anawo."

Mitu inalipo ndithu, koma dengalo analisenza yekha.

Chomutchinjiriza chinatsala chimodzi. Mwambo unkati mwana asanatengedwe, ndiko kuti anamkungwi asanaloleze bambo kubwerera pamphasa ya mayi, mwamuna azigona payekha kuopa kudula khandalo. A Gerevazio, ngakhale anali a kolona m'khosi, mdulo ankauopa koopsa. Choncho a Falesi anamkungwi akabwera, Magadalena ankangoti, "Mwana sanakhwime."

"Sanakhwime? Ufuna timutenge atamera ndevu?" ankamuseka a Falesi.

Iye ankaseka nawo. Kusikelo Salome ankamukhazika pambali n'kumufunsa ngati akugona tulo. Tulo analibe. Mawu a Salome ankamupepuza mtima, koma chilolezo sichinali m'manja mwa Salome.

M'mawa wina wozizira, Magadalena, a Falesi ndi amayi ena akutong'ola chimanga pabwalo, Linus anagwira mtondo n'kuimirira. Anausiya, n'kuyenda dzandidzandi mpaka kukagwera m'miyendo mwa bambo ake.

A Falesi analuluta. "Wakhwima uyu. Zifukwa zatha, Loweruka timutenga."

A Gerevazio anamwetulira, maso ali pa mkazi wawo.

Magadalena anadzuka, n'kumulanda mwanayo. Anamubereka kumbuyo, n'kukokera chitenje mpaka chinaphimba timapazi tonse, ngati kuti akatibisa anthu aiwala zimene aona.