Mikanda ya Mayi Clotilda

Maness ankaphunzira unamwino wa m'chipinda cha opaleshoni, ndipo lamulo ankalidziwa: wodwala salowa m'menemo atavala kanthu kakekake. Koma atafika pa mikanda ya m'chiuno, mayi Clotilda a ku Ndamera, amene anabwera ndi chotupa m'mimba, anamugwira dzanja.

"Iyi anandigulira malemu amuna anga, mwanawe. Sinachokepo pathupi langali."

"Mukadzuka ndikumangirani ndekha, mayi," anatero Maness, nadula chingwe chake. Mikanda inakhuthukira m'kambale kachitsulo.

Madokotala atang'amba pamimba anapeza khansa itafika kale kuchiwindi. Anadulako kanyama kotumiza ku Blantyre, kwa ofufuza za mmene nthendayi imayambira, kenaka anasoka. Mayi Clotilda sanadzukenso.

Panja, pansi pa mtengo wa nimu, pankadikira Lorenso, mwana wawo wamwamuna. Anali yekha, poti madzi osefukira anali atadula msewu wakwawo. Maness anamupatsa chitenje ndi nsapato za mayi ake. Kambale kaja anakabisa kumbuyo. Mwana wamwamuna angalandire bwanji mikanda ya m'chiuno mwa mayi ake?

Maness anabwerera mkati, natenga ulusi wosokera mabala, nayamba kutunga mikandayo umodziumodzi, thukuta lili kamukamu. Atamaliza anavundukula nsalu yofunditsa mtembo, nazunguliza mikandayo m'chiuno mwa mayi aja, m'munsi pang'ono mwa bala.

"Ndabwera, mayi," ananong'ona.

Ndipo anamanga mfundo imene anali ataiphunzira kumene m'kalasi, ija imene simasuka.