Gawo Limene Mayi Sanaonere

"Kiyi wa nyumba ino mungosiya patebulopo," anatero Chisamba, osadzutsa mutu pa zovala zimene ankapinda.

Wometa anaima pakhomo la pabalaza, thukuta lili kamukamu. Anali atangomaliza kubweza mipando imene inabwerekedwa pa maliro, ndipo palibe amene anamutuma. Sabata yonseyo zinali choncho: madzi akatha iye ali kale ndi ndowa, babu likapsa iye wakwera kale pampando. Tsiku loika Mayi m'manda analira mpaka amuna awiri kuchita kumugwira, ndipo anthu anayamba kukodolana.

Amalume ndiwo anamukokera Chisamba pambali tsiku limenelo. "Wometa tsitsi wa kumsewuyu akulira kuposa ana a m'nyumba, ndi ndani wathu? Anthu akuyankhula za iyeyu ndi mlongo wako. Ndikamabwera Loweruka, makiyi onse ndiwapeze m'manja mwa abale."

Chisamba, mwana woyamba, ankagwira ntchito kutali ndipo kwawo ankangobwera pa tchuthi. Za mlongo wake wamwamuna, Mzime, mphunzitsi amene anatsala pakhomo ndi Mayi, ankazidziwa ngati mmene munthu amadziwira kuti denga likudontha penapake koma osafuna kuyang'ana kumwamba. Mzime ndi Wometa ankakondana. Chimene chinkamutonthoza Chisamba pa maliro onsewa chinali chimodzi: Mayi apita osadziwa, mtima wawo uli m'malo. Tsono ankafuna nkhaniyi ithe mwakachetechete Amalume asanaitulutse poyera.

"Ndamva, achemwali," anatero Wometa, akupisa m'thumba. "Anandipatsa nthawi imene miyendo inayamba kuwavuta, kuti asamadzuke ndikagogoda."

"Mwatithandiza kwambiri, abambo. Tathokoza. Koma zatsalazi ndi za pabanja."

Kiyi analira pang'ono pokhudza tebulo, pafupi ndi makina osokera. Mzime anali pampando wa pakona akupotokola chingwe cha tchaja. Mwana ameneyu chibadwire mawu ake amachita kukumba ndi khasu, ndipo lero ndiye anangozolika, makutu okha akufiira. Chisamba anapitiriza kupinda. M'manja mwake munali juzi yake ya kusukulu, pakolala pali kaulusi kofiira. Mayi anali telala, ndipo atatopa ndi ndewu za ana awiri olimbirana zinthu, anagawa mitundu: wofiira wa Chisamba, wobiriwira wa Mzime. Juzi, thaulo, mswachi, kapu, chilichonse cha mwana wa m'nyumbamo chinali ndi kaulusi kake.

"Odi kuno!"

Asanayankhe n'komwe, amayi awiri anali atalowa kale. Patsogolo panali Anesi, amene anapuma ntchito ya kuchipatala kalekale koma ankayendabe ngati akukabaya munthu jakisoni. Pambuyo pawo panali Mayi a Mazira a pamsika, atakwapatira katsamiro kawokawo.

"Lero Lachinayi, mwanangu," anatero Anesi.

Chisamba anakumbuka. Mayi ankati akawaimbira Lachinayi masana amadula msanga: ndili ndi gulu, tiyankhulana mawa. Iye ankaganiza kuti ndi gulu la mapemphero, ndipo ankanyadira ndithu kuuza anzake a ku ofesi.

"Khalani, amayi. Nyimbo muyambitsa ndinu?"

Mayi a Mazira anaseka mpaka katsamiro kugwa. "Nyimbo yanji? Ife tabwera kudzamaliza sewero lathu. Latsala gawo limodzi, ndipo mayi ako akanatizazira kumva kuti talisiya panjira. Iwe Wometa, ukulowera kuti? Atiwerengera ndani mawu a m'munsi mwa kanemawo? Maso athu ndi a kale awa."

Wometa anayang'ana Chisamba. Chisamba sakanatha kuthamangitsa munthu pamaso pa akuluakulu, choncho anangokweza mapewa. Mnyamatayo anatenga fulashi yosungira masewerowo m'kabati ya makina osokera, pakati pa mabatani, ngati munthu wodziwa pamene pamakhala chilichonse. Anaibaya kuseri kwa kanema n'kukhala pansi, msana atatsamira mwendo wa mpando wa Mayi. Pampandopo palibe amene anakhalapo.

Pakanemapo panaoneka anyamata awiri a ku Thailand, atavala malaya oyera, ali pansi pa ambulera imodzi. Mvula inkagwa. Wamtaliyo anagwira tsaya la mnzake, ndipo anayang'anana nthawi yaitali moti munthu akanatha kukatereka madzi n'kubwerako. Chisamba anatembenukira Anesi, poganiza kuti Wometa walakwitsa fulashi, koma Anesi anali atavala kale magalasi, akuwongola miyendo.

"Ndakudikira chaka chonse," anawerenga Wometa ndi mawu okhuthala, kenako n'kuwachepetsa poyankhira winayo: "Nanga bwanji sunanene?"

"Eya, bwanji sunanene?" analowerera Mayi a Mazira. "Ndi zimenetu zimanditopetsa. Magawo khumi ndi kanthu munthu kulephera kutsegula pakamwa! Ndiye anyamata amenewa amagwira ntchito nthawi yanji? Akuti ndi a kuyunivesite, koma buku sindinaone ngakhale limodzi. Kungoyendayenda ndi tiyi wa m'botolo basi."

"Mudikire," anatero Anesi. "Anyowa ndi mvula amenewa. Mawa wamfupiyo atentha thupi, wamtaliyo abwera ndi kathaulo konyowa. Zaka zonse ndagwira kuchipatala sindinaone malungo otha ndi thaulo. Ndiye uja wa sewero la ku Korea anangokalika pang'ono chala, bandeji mpaka m'chigongono."

"Tsitsi lokha ndiye limandipweteka ine," anatero Wometa motsitsa mawu. "Mvula yonseyi, osasuntha ngakhale limodzi."

Amayi aja anaseka, ndipo ku kona kuja Mzime anatulutsa kamphuno kamodzi ka kuseka kamene anakameza msanga.

"Mayi ankaonera zimenezi?" Mawu a Chisamba anatuluka owuma. "Mayi anga ine?"

"Anayambitsa ndi iwowo," anayankha Mayi a Mazira. "Ine tsiku loyamba ndinanyamuka, ndinati izi ayi, zandikulira. Ananditsatira mpaka pageti, amvekere, 'Khala pansi uyambe waona, kudana nazo udana nazo ukudziwa chimene ukudana nacho.' Mpaka lero sindinganame kuti ndazimvetsa zonse. Koma kamnyamata kamfupika kakalira, ine mtima umandipweteka ngati n'kanga."

Chisamba anayang'ana Wometa. "Munawabweretsera ndinu?"

Wometa anaimitsa kanema. "Ayi, achemwali. Mtsikana wina ankaonera pafoni akudikira diresi yake. Mawa lake Mayi anabwera okha kometera kuja, makasitomala ali tho, n'kundiitanira panja. Anati ndiwapezere masewero a anyamata okondana aja, ndipo ndizibwera kudzawawerengera. Ndinati mwina akufuna andikole. Koma anangoti, 'Ndikufuna ndione makolo a kumeneko amatani.'"

"Ndipo makolo a kumeneko ankawamva kuwawa!" anatero Anesi, akumenya ntchafu. "Ife timadandaula za mathaulo, iwo ankalimbana ndi amayi a m'masewerowa. Mayi wa m'sewero akayamba kulira kuti anthu anena chiyani, mayi ako ankalanda rimoti, kuimitsa, n'kuyamba kumukalipira ngati akumva. 'Anthu ake ati? Anakuthandiza kubereka?' Tinkachita kuwapepesa kuti sewero lipitirire."

Wometa anayatsanso. Tsopano anyamata aja anali pabalaza lalikulu la anthu olemera, atagwada pamaso pa mayi wa wamtaliyo. Mayiyo anayankhula, anayankhula, misozi ikuyenda bwinobwino osawononga zodzola. Wometa ankawerenga. Pamapeto mayiyo anati wavomera, nyimbo inakwera, ndipo wantchito anabwera ndi tiyi m'makapu a golide m'milomo.

"Ee, wavomera," anatero Mayi a Mazira, akupukuta m'maso ndi m'mphepete mwa katsamiro. "Koma malemu akanapezapo chonena."

"Akanati makapuwo," anayankha Anesi. "Sabata yatha yomweyi anakwiya nazo. Anati, 'Mwana wakhala akulowa m'nyumba mwako sewero lonseli, iwe ukumumwetsabe tiyi m'kapu ya alendo. Zolankhula zambirizi n'za pakanema. Mayi weniweni sachita msonkhano.'"

Mayina a osewera ankakwera pakanema, ndipo panalibe wowawerenga.

"Sindinawauze."

Onse anatembenuka. Anali Mzime, chingwe cha tchaja chitamuzinga zala.

"Lachinayi lililonse ndinkachedwa dala kusukulu. Ndikafika n'kumva mukuseka, ndinkazungulira kukhomo la kuseri. Ndinkati ndiwauza mawa, ndiwauza sewero ili likatha. Apita osamva m'kamwa mwanga." Anapukuta mphuno ndi mkono ngati mwana wa sitandade wani. "Achemwali, kiyi ameneyo… munthu ameneyu si mlendo kwa ine."

Anesi anavula magalasi n'kumuyang'ana mmene ankayang'anira odwala onama kuti amwa mankhwala. "Iwe Mzime, sukulu yonse unaphunzira ija. Ukuganiza kuti mayi wa msinkhu umene uja angayambe kuonera anyamata a ku Thailand chifukwa chofuna kuona kasokedwe ka makolala?"

Mzime anaseka ndi kulira pamodzi. Wometa anaweramitsa mutu pakati pa mawondo, mapewa akugwedezeka.

Chisamba anadzuka. "Ndikatereke tiyi," anatero.

Kukhitchini anayatsa mbaula ya magetsi n'kutsamira sinki. Anali wokwiya, ndipo sankadziwa kuti wakwiyira ndani: Amalume, Mzime, kapena Mayi amene ankadula foni yake kuti akakalipire anthu a pakanema. Masiku onse a malirowa m'khitchinimu munali modzaza amayi ophika, ndipo iye anali asanaimemo yekha. Anatsegula kabati ya galasi, natulutsa makapu a maluwa a alendo, awiri a amayi aja. Anatambasula dzanja kuti atenge yachitatu, kenako anaima.

Pakhoma pamwamba pa sinki panali misomali ya makapu a m'nyumba. Kapu yoyamba inali ya Mayi, yaikulu, yobenthuka pamlomo. Kenako yake, kaulusi kofiira kali pachogwirira, ngakhale kuti ankamwera kawiri pachaka. Kenako ya Mzime, kaulusi kobiriwira. Kale misomali inkathera pamenepo. Tsopano panali wachinayi, wokhomedwa mokhota pang'ono, monga amakhomera munthu wodziwa singano osati hamala. Pamsomalipo panapachikidwa kapu ya buluu, ndipo pachogwirira pake panali kaulusi kachikasu.

Chisamba anaitsitsa. Mfundo yake inali yomwe ija, yozungulira kawiri n'kubisa nsonga mkati, imene Mayi ankamanga pa zinthu za ana awo kuti isamasuke pochapa. Ulusiwo sunali wa dzulo kapena dzana. Unali utasuluka, utada ndi tiyi ndi sopo, wofanana ukalamba ndi wobiriwira uja kuyambira pamene anausintha komaliza. Apa ndiye misozi imene inakana kutuluka kumanda inabwera yonse, ndipo analira mpaka ketulo kuyamba kulira naye. Sikunali kulira kwa chisoni chokha. Ankathokoza kuti Mzime sanali yekha zaka zonsezo pamene iye anali kutali, ndiponso kuti Mayi amusiyira yankho pamsomali, poti pakamwa pake pakanalephera.

Kapu yachitatu ya maluwa anaisiya m'kabati. Atasamba kumaso, ananyamula thireyi.

Pabalaza amayi aja anali atayambiranso mkangano. Mayi a Mazira ankati wamtali uja sakumuyenera mnzakeyo, anamuzunza kwambiri magawo oyambirira, ndipo kulemera si chifukwa chokhalira wamwano. Anesi ankati munthu amasintha. Chisamba anagawa makapu a maluwa, napatsa Mzime yake. Podutsa patebulo anatola kiyi uja, namuika m'sosala pambali pa kapu ya buluu, n'kugwada pang'ono kuti afikire Wometa pansi pamene anakhala.

Wometa anayang'ana kiyiyo, osamukhudza. "Nanga Amalume, achemwali?"

"Amalume anati makiyi awapeze m'manja mwa abale," anatero Chisamba. "Awapeza mmenemo. Loweruka ndiyankhula nawo ine. Shuga masipuni angati?"

"Samwa shuga," anayankha Mzime msanga, mokweza kuposa mmene anayankhulirapo sabata yonseyo.

"Taonani, pakamwa patseguka pa gawo lomaliza," anatero Mayi a Mazira. "Ndimanena ine kuti onse ndi amodzimodzi."

Wometa analandira kapu ndi manja awiri. Chala chake chachikulu chinapita chokha pachogwirira, pa mfundo ija, pamene ulusi unali utaperepeseka kuposa pena ponse. Chisamba anakhala pansi pafupi naye, natsamira mwendo winawo wa mpando wa Mayi.

"Bwezerani ku gawo loyamba," anatero. "Mundionetse pamene ankaimitsa."