Mzere wa Nambala 47

Chiyambireni kuphunzira za kafukufuku, anzake pachipatalapo ankamutchula kuti Akalembera. Ntchito yake inali yothandiza dokotala. Masana odwala akatha, ankadzitsekera m'chipinda cha mafayilo, momwe munali tebulo logwedera ndi zenera limodzi losatseguka. Funso lake linali limodzi: n'chifukwa chiyani odwala matenda othamanga magazi amasiya kudzatenga mankhwala?

Mphunzitsi wa kafukufukuyo, mayi wochokera kuchipatala chachikulu, ankabwera kamodzi pamwezi. Anali ataneneratu kuti mapepala akakhala olongosoka, ntchitoyo ikawerengedwa kumsonkhano wa azaumoyo. Kupanda kutero, ithera m'kabati.

Tsiku lina atabwera, mayiyo anayala mapepala patebulo n'kumayerekeza mzere wa wodwala aliyense ndi fayilo yake. Mayina munalibe, manambala okhaokha.

"Bambo, dzanja lanu ndi labwino. Anzanu amalemba ngati papalasa nkhuku," anatero. Kenako chala chake chinaima. "Koma nambala 47. Fayilo ili ndi masamba awiri okha, lachiwirilo la tsiku limene anamwalira. Inu mwalemba mpaka chifukwa chimene anasiyira mankhwala. Mwazitenga kuti?"

"Ndinkawadziwa."

"Nonse kuno mumatero. Mwezi watha anamwino anati, 'Ameneyu ndi mlamu wanga, amasuta fodya.' Kafukufuku alibe mlamu. Zimene fayilo sinanene, ifenso sitinena." Anawerenga mokweza: "'Amuna awo ankangoti tipita mawa.' Anakuuzani ndani?"

Akalembera anayang'ana pazenera. Panja wina ankayanika nsalu zoyala pabedi.

"Ankakhala kuseri kwa mpandawu, m'nyumba za ogwira ntchito. Mwezi ndi mwezi ankadikira kuti amuna awo awaperekeze. Amuna awowo ndine."

Mayiyo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Pepani, bambo," anatero motsitsa mawu. "Komabe mzerewu ukakhala chonchi, kumsonkhano akakayikira mizere yonse."

"Ndamva."

Galimoto ya mayiyo itatuluka pageti, Akalembera anatsala yekha ndi mapepalawo. Pa mizere 120, wokhawo ndi umene unali ndi yankho la funso lake. Anatenga labala. Anafufuta pang'onopang'ono kuti pepala lisabooke, n'kuuzira tizinyenyeswa. M'danga loyeralo analemba mawu amene anali m'mizere ina yonse: "Sizikudziwika."

M'mawa mwake, asanaitane wodwala, anatenga rula n'kujambula danga latsopano m'kaundula wa odwala. Pamwamba pake analembapo kuti "Chifukwa".

Woyamba kulowa anali mmisiri wa matabwa, chipewa chili m'manja.

"Achimwene, mwasowa miyezi iwiri. Chinachitika n'chiyani?"

Mmisiriyo anaseka mwamanyazi. "Nkhani yake ndi yaitali, adokotala."

"Khalani pansi," anatero Akalembera, akutsegula cholembera.