A Mwamadi Adzatenga Kamakina Kawo

Nyengo ya chiperoni nyumba za pa esiteti ya tiyi zimanunkha chuku. N'chifukwa chake Fainess anagula kamakina kotulutsa mpweya wa ozoni kwa a Mwamadi, wamalonda wa ku Luchenza. Fungo linathadi, koma mwana wake Victoria, yemwe amadwala mphumu, anayamba kubanika pafupipafupi.

Loweruka lina mvula ikuwaza, Fainess anangoona a Mwamadi akutsika pa kabaza, ali chinyowere, matope mpaka m'mawondo.

"Mayi, zimitsani kamakina kaja, mutsegule mawindo onse," anatero asanapereke n'komwe moni. "Adokotala andiuza dzulo kuti mpweya wake umapweteka mapapo. Sikoyenera kuyatsa anthu ali m'nyumba. Ine ndinkagulitsa mosadziwa."

"Ulendo wonsewu mwayendera zimenezi, bambo?"

"Eya. Ndikachoka pano ndikupita ku Nchilamwela, kwatsala ena amene ndinawagulitsa."

Fainess anakazula pamagetsi n'kuwapatsa. Anawapempha kuti amweko tiyi, koma iwo anapepesa n'kukweranso kabaza uja.

M'mawa mwake Fainess anapita ndi Victoria kuchipatala, ndipo pamzere panalibe mayi amene sanamve kwa iye za wamalonda wachilungamoyo.