Nthenga za Nkhuku mu Bulowa

Namakina anakoka chingwe kachisanu ndi chiwiri. Bulowa inatsokomola, inalavula utsi wakuda, kenako inangoti zii.

"Kokaninso," anatero a kapitawo, manja ali kumbuyo.

"Ndikoke mpaka phewa liguluke? Makinawa sali bwino."

Linali Lolemba m'mawa. Mphepo ya dzulo lake inali itayoyola masamba m'mitengo yonse ya pabwalo la maofesi, moti pamalo oimika magalimoto sipankaoneka ngakhale mzere umodzi woyera. Alendo ochokera ku likulu la kampani ankayembekezeka cha m'ma teni koloko.

Dzina loti Namakina anamupatsa ndi anzake a pagulu losesa. Kwa zaka zitatu ndiye ankabereka bulowa, makina apetulo ouzira masamba aja, ndipo ankawasamala ngati khanda. Lachisanu lililonse ankatsuka sefa ya mpweya ndi sopo, kupukuta pulagi yoyatsira moto ndi kumanga masikuluwu onse amene agwedera. Petulo ankasakaniza yekha ndi oyilo wake wa makinawo, kuyeza ndi kabotolo ka mizere, osalola wina kumuthandiza. Lachisanu lapitalo anawasiya m'sitolo akulira bwinobwino.

Posakhalitsa abwana anatulukira, mayi wa nsapato zogogoda, foni ili m'manja.

"Kodi masamba akadali mbwee chonchi bwanji?"

A kapitawo anavula chipewa msangamsanga. "Bwana, ndinanena ine kalekale. Makina ngati awa amafuna dzanja la mwamuna. Mayiwa awapha."

Namakina anayang'ana anzake. Onse anali ataweramira matsache awo ngati aona chachilendo pansi.

"Ndawapha ine?"

"Nanga amagwira ndani?" anatero a kapitawo.

"Mayi," abwana anatero mokweza, "ngati makinawa afera m'manja mwanu, mulandira kalata yochenjeza, ndipo mubwerera ku tsache. Ine sindifuna manyazi pamaso pa alendo."

"Chabwino, bwana. Ndipatseni theka la ola. Koma nditsegulire pompano, inuyo mukuona."

"Pitani nawo kusitolo," a kapitawo anadula. "Mudetsa simenti."

"Mwandinenera pano, nditsegulira pano."

Madala, wosesa wamkulu pa onse, amene mano akutsogolo anamuthawa kalekale, anakoka katoni n'kuyala pansi osafunsa munthu. Namakina anagwada, natulutsa sipanala ndi sikuludiraiva m'thumba la ovololo. Anayamba ndi thanki. Atatsegula chivindikiro ananunkhiza, n'kukwinya nkhope. Anakhuthulira mafutawo m'botolo loonekera mkati n'kulikweza m'mwamba.

"Taonani, bwana. Petulo amene ndimasakaniza ine amaoneka wa buluu. Uyu ndi wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Muli oyilo wa galimoto umu, wotha ntchito, ndipo wothira mosayeza."

"Mwina munasokoneza mabotolo nokha," anatero a kapitawo. "Akazi mumakhala ndi zambiri m'mutu."

Namakina anamasula pulagi. Inatuluka yonyowa, kumutu kwake kutamata mwaye wonata. Anaiika pakatoni. Kenako anamasula chivindikiro cha sefa ya mpweya, ndipo pakatoni panakhuthukira utuchi. Anatembenuza makinawo n'kulowetsa zala m'mawaya a malo okokera mphepo. Anasolola nthenga yoyera. Anasololanso ina, kenako chibuluma chathunthu cha nthenga zomatana ndi zitosi. Fungo lake linafika mpaka pamene anaima abwana, ndipo anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno.

"Ha!" anatero Madala. "Kodi pamaofesi pano tinayamba kuweta nkhuku? Ine kusesa zaka zonsezi, osandipatsako ngakhale chipalapasiro?"

Osesa ena anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Panalibe amene sankadziwa kuti mlamu wawo wa a kapitawo ali ndi makola akuluakulu a nkhuku, pakuti a kapitawo omwewo ankabwera ndi mathireyi a mazira pa njinga Lolemba lililonse. Panalibenso amene sankadziwa kuti makiyi a sitolo alipo awiri okha, a abwana ndi a kapitawo.

"Nthenga zimauluka, bwana," a kapitawo anatero, mawu atachepa. "Mphepo ya dzulo ija munaiona nokha."

"Zinauluka?" Namakina anaimirira. "Zinauluka n'kudutsa chitseko chokhoma, n'kulowa m'makina, n'kutsegula thanki, n'kuthiramo oyilo wa galimoto? Nthenga zanzeru bwanji! Inu bambo, mwatenga makina a kampani kukasesera makola a alamu anu, mwawamwetsa zonyansa, ndiye lero muziti dzanja la mwamuna? Dzanja la mwamuna ndi limeneli, lili pakatonipa!"

Abwana anayang'ana wotchi, kenako a kapitawo, kenako wotchi.

"Nkhani imeneyo tikambirana ine ndi a kapitawo mu ofesi. Inu konzani makinawo."

"Nanga kalata yanga ija?"

"Palibe kalata."

"Nanga yawo?"

"Mayi, alendo ali m'njira."

Nsapato zija zinagogoda kubwerera kumene zinachokera, a kapitawo akutsatira pambuyo, chipewa chili m'manja. Namakina anawayang'ana mpaka analowa mu ofesi. Iye mlandu wake unalengezedwa pabwalo, anthu onse akumva, asanafunsidwe ngakhale funso limodzi. Wa mnzake ukanong'onedwa m'chipinda chotseka, mwina pali kapu ya tiyi patebulo.

"Konzani, mwana wanga," Madala anatero chapansipansi. "Makinawa sanakulakwireni."

Namakina anagwadanso. Anatsuka thanki ndi petulo woyera n'kutayira m'chitini. Pulagi anaikwecha ndi burashi ya waya mpaka chitsulo chinayamba kuwala. Sefa anaichapa pampopi, kuifinya m'nsanza mpaka itauma. Atamasula ekizozi anapeza kasefa kawaya kotulukira utsi katatsekeka ndi mwaye, moti sukanaona kuwala kuseri kwake. Madala anapita nako kumbuyo kwa sitolo, pa mbaula yophikira tiyi, ndipo anakawotcha atakapana ndi pulayala mpaka kanafiira. Atakagogoda pamwala mwaye wonse unayoyoka.

Namakina anabwezeretsa chilichonse m'malo mwake, nathira petulo wake wa buluu. Anadina kampira kokokera mafuta kasanu, natseka choko chochepetsa mpweya, nakoka chingwe. Kachiwiri makina anatsokomola. Anatsegula choko n'kukokanso. Bulowa inabangula, utsi unayera pang'onopang'ono, ndipo Madala anaomba m'manja yekhayekha.

Tsiku limenelo Namakina anauzira masamba ngati akuthamangitsa mdani. Pamene magalimoto a alendo ankalowa pageti, mizere yonse yoyera inali ikuoneka, ndipo iye anali kuseri kwa mpanda wamaluwa, thukuta lili kamukamu. Ali komweko anamva mlendo wina akuyamikira ukhondo wa pamalopo.

"Ndi ntchito ya a kapitawo athu imeneyi," abwana anayankha. "Munthu wodalirika kwambiri."

Namakina anabwerera kusitolo ndi bulowa yake.

Sabata yonse anadikira kuti amve zimene zinakambidwa mu ofesi muja. Palibe chinamveka. Makiyi a sitolo ankangolirabe pa lamba wa a kapitawo, ndipo pofika Lachinayi iwo anali atayambiranso kuimba likhweru podutsa. Lachisanu masana a kapitawo anaima pakhomo la sitolo n'kusuzumira.

"Muwasamale bwino makinawo, mayi. Mudzazemonso mafuta."

"Ndamva," anatero Namakina.

Anatsuka sefa monga mwa masiku onse, napukuta fumbi, nadzaza thanki. A kapitawo atachoka, anafukula m'bokosi la zitsulo zakale n'kupeza pulagi ina imene inafa chaka chatha, yooneka bwino kunja koma yosatulutsa moto ngakhale pang'ono. Anaipukuta mpaka kuwala, naimanga pa makina. Pulagi yabwino ija anaikulunga m'kansalu n'kupita nayo kunyumba.

Lolemba a kapitawo anafika mochedwa, njinga akuikankha ndi dzanja limodzi. Mkono wamanja unali lende ngati si wawo, ndipo pakati pa zala panali matuza awiri ophulika. Kapu ya tiyi anailandira ndi dzanja lamanzere.

"Mkono watani, akulu?" anafunsa Madala.

"Nyamakazi."

"Pepani. Yoyambira m'zala ndiyo yoopsa."

Namakina analowa m'sitolo. Bulowa inali pamalo pake, koma lamba wake anali atatalikitsidwa kuti akwane munthu wamimba, ndipo chingwe chinali chitayamba kusosoka pafupi ndi chogwirira. Mafuta anali odzaza monga anawasiyira. Anabwezeretsa pulagi yabwino, nafupikitsa lamba, natuluka nawo panja pamene anthu onse ankamwa tiyi. Anadina kampira, nakoka chingwe kawiri. Makina anabangula.

A kapitawo anaimirira, tiyi n'kutayikira pa nsapato.

"Makinawo ali bwino?"

"Mwati bwanji?" Namakina anakuwa, akuchepetsa moto.

"Ndati makinawo ali bwino?"

"Ali bwinobwino, bambo. Kungoti Loweruka amakana kugwira ntchito."

Anawabereka kumsana n'kulowera kumalo oimika magalimoto.