Zigoli za pa Bolodi la Dyson

Dyson anali atagwira kale choko pamene a Zebron ankatsamiritsa njinga yawo pakhoma la shopu yometera. Linali Lachisanu, tsiku lolosera mpira. Pakhomo pa shopuyo, moyang'anana ndi msika wa pa boma la Chadiza, panali bolodi lakuda, ndipo aliyense wodziyesa wodziwa mpira ankalembapo dzina lake ndi zigoli zomwe ankaganiza kuti zituluka mawa lake. Wolondola ankametedwa ulere.

Ankalosera za timu imodzi yokha, Luswishi Stars ya ku Migodi, chifukwa goloboyi wake, Trywell, anali mwana wa konkuno. Anali mwana wa a Zebron.

"Bwerani, a dazi, mudzatiphere mwana wanu kachisanu," anatero Dyson, wometa uja, akuwapatsa choko. "Mwawina kumeta kanayi, koma pamutu palibe n'choti lumo ligwire. Kapena tizikumetani nsidze?"

Anthu anaseka, koma osati onse.

Stars inali itagonja masewero anayi otsatizana, ndipo kanayi konseko a Zebron anali atalemba kuti igonja. Iwo sankaona chodabwitsa. Ankati munthu ukakonza njinga zaka makumi atatu, tcheni yoti iduka umaimva isanaduke. Timuyo inagulitsa wosewera wake wapakati, otchinga kumbuyo awiri anali okalamba, ndipo chigawo chachiwiri chikayamba onse ankathamanga ngati anyamula matumba a chimanga. Goloboyi angatani anthu akamusiyira khomo lotsegula? Koma zimenezi palibe ankafuna kuzimva. Anthu amakonda bodza lowasangalatsa.

Tsikulo analemba kuti Stars ichinyidwa ziwiri osabweza.

Loweruka masana anthu anadzaza m'shopumo kuonera pa kanema. Stars inachinyidwa ziwiri osabweza. Chigoli chachiwiri chinadutsa pakati pa manja a Trywell ngati sopo. M'shopumo wina kumbuyo ananena motsitsa mawu kuti galu wamkota sakandira pachabe. A Zebron anacheuka, koma aliyense anali akuyang'ana pansi.

Sabata imeneyo pansi pa mtengo pomwe ankakonzerapo njinga panayamba kusowa anthu. Mphunzitsi wina yemwe ankabweretsa njinga yake kwa iwo zaka zonse anaikankha n'kuwadutsa, tayala lili phwa, kupita kwa wokonza wina wakuseri kwa chigayo. Wina anali atajambula bolodi lija pafoni, ndipo chithunzicho chinayenda mpaka kukafika ku Migodi. A Zebron anaimbira mwana wawo katatu, foni n'kumangolira. Koma kwa amayi ake, a Elinata, Trywell ankaimba. Anawauza kuti kochi wamupatsa masewero amodzi okha. Akachinyitsanso, akhala pabenchi, ndipo chaka chikatha amuchotsa. A Zebron sankakhazikika. Ankamasula sipoko yomwe angoimanga kumene, n'kuimanganso.

Lachitatu madzulo atafika kwawo, kumudzi kwa akazi awo m'njira ya ku Mlolo, anapeza alamu awo a Mailosi atakhala pakhonde, chipewa chili pabondo. A Elinata ankasenda mtedza chapatali. A Mailosi sanachedwe ndi malonje. Anati mbumba yonse ikudandaula. Anakumbutsa kuti a Zebron sanafunepo kuti mwanayo azisewera mpira, kuti ankafuna akhale mphunzitsi, ndiponso kuti tsiku lina anamuponyera nsapato zake za mpira m'chimbudzi. Zonsezo zinali zoona. Anthu amasunga zolakwa za mnzawo bwino kuposa mbewu.

"Alamu, mwanayu ndi wathu," anatero a Mailosi. "Inu ndi tambala wobwereka, munangobwera kudzalira pakhomo pano. Ngati munamumanga manja, mumumasule."

"Ndimumange ndi chiyani? Ndi choko cha Dyson?"

"Ife sitidziwa. Tikungoona kuti chimene mwalemba n'chimene chikuchitika."

"Wamisala anaona nkhondo, alamu. Kodi ndiye anaiitana?"

A Mailosi anavala chipewa. Anati Lachisanu a Zebron akalembe kuti Stars ipambana, anthu onse akuona. Akakana, mbumba ikhala pansi n'kukambirana ngati kuli koyenera kuti munthu wotere azikhalabe pamudzipo.

Atachoka, a Zebron anadikira kuti akazi awo anenepo kanthu kowaikira kumbuyo. A Elinata anapitiriza kusenda.

"Atate ake Trywell, mungolemba," anatero pomaliza. "Chikuvutani n'chiyani? Choko si magazi."

Lachinayi lonse a Zebron ankaisinkhasinkha nkhaniyo, ndipo anapeza nzeru yomwe anaiona ngati yakupsa. Loweruka Stars inkakumana ndi timu yotsogola mu ligi, pabwalo la eni ake. Mwa kuona kwawo zigoli zitatu zinali zosapeweka. Tsono akalemba kuti Stars ipambana, iyo n'kugonja, aliyense adzaona ndi maso ake kuti choko chilibe mphamvu, ndipo a Mailosi adzameza mawu awo.

Lachisanu pakhomo pa Dyson panali anthu ngati pamaliro, mpaka amayi ogulitsa tomato anasiya malonda awo. A Mailosi anaima pafupi ndi bolodi, manja kumbuyo. A Zebron analemba dzina lawo, n'kulemba kuti Stars ipambana chimodzi kwa duu. Anabweza choko n'kupukuta zala pa buluku.

Loweruka anakhala pabenchi yakutsogolo. Mpira utangoyamba anazindikira kuipa kwa nzeru yawo ija: kuti dzina lawo liyere, mwana wawo anayenera kuchinyidwa. Mpira ukamayandikira golo la Trywell, mtima wina unkati ulowe, wina n'kumati agwire. Anatuluka kukaima padzuwa, anabwerera, anatulukanso. Thukuta linkatsika padazi mpaka m'khosi.

Chigawo chachiwiri chili pakati, mmodzi wa otchinga kumbuyo okalamba aja anagwetsa munthu m'bokosi, ndipo woimbira analoza penate. A Zebron anayang'anitsitsa phazi la womenyayo, n'kuona kuti laloza kumanzere. Trywell nayenso analiona. Anadziponya kumanzereko n'kuukumbatira mpirawo pachifuwa. A Zebron anapezeka ataimirira, akufuula dzina la mwana wawo.

Kutatsala mphindi zitatu, Stars inamenya kona. Mpira unagunda bondo la wosewera wa timu inayo n'kulowa m'golo lawo lomwe. Masewero anatha chimodzi kwa duu.

M'shopumo munali chipwirikiti, mabenchi kugwa, amayi kululutira panja. Kenako phokoso linayamba kuzilala, ndipo maso anachoka pa kanema kupita pa bolodi, kuchoka pa bolodi kubwera pa a Zebron. Amene anakhala nawo pabenchi anasendera kumapeto. A Mailosi anangogwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene mlandu wamukomera.

"Akuluakulu, njinga yanu ndikubweretsereni?" anafunsa Dyson. Za dazi sanatchulenso.

Potuluka, mayi wina wogulitsa zitumbuwa, Selina, anawatsatira mpaka pamsewu, n'kuwanong'oneza kuti mwana wake wamkazi akulemba mayeso mwezi wamawa, ngati angamulembereko penapake kuti akhoze. A Zebron anakwera njinga n'kumapita.

Dzuwa lisanalowe, ali panjira, foni inalira m'thumba. Anali Trywell. A Zebron anaima pambali pa munda wa mtedza n'kuyankha. Anali ndi zambiri zoti amuuze, za phazi lija, za momwe anadikira osadumpha msanga.

"Atate, zikomo pondimasula," anatero Trywell. "Lero manja anali opepuka. Chilichonse chomwe ndinakulakwirani, mundikhululukire."

"Penate ija wagwira ndiwe, mwana wanga. Ine ndinali pabenchi kwa Dyson."

"Inde, atate."

Anayankha mwaulemu, ulemu womwe munthu amapereka kwa amene akumuopa. Kenako anafunsa mosamala ngati Lachisanu likudzali adzalembenso chimodzimodzi, popeza kochi wati akhalabe pagolo.

A Zebron anayang'ana munda uja. Akanatha kumuuza kuti choko ndi choko, kuti otchinga kumbuyo aja akadali okalamba ndipo mwayi wa bondo subwera kawiri. Koma anali atamva mawu a mwanayo. Manja ake anali olemera chifukwa cha zomwe ankakhulupirira, ndipo lero anali opepuka pa chifukwa chomwecho.

"Ndidzalemba," anatero.

Lachisanu Dyson anawapatsa choko ndi manja awiri, atapinda bondo. Anthu anapatuka kuwasiyira njira, ndipo mayi wina anakokera mwana wake kumbuyo kwa chitenje. A Zebron anaona zonsezo. Mumtima ankadziwa kuti mawa Stars ichinyidwa ziwiri, mwinanso zitatu. Anaponda pa njerwa kuti afike pamwamba pa bolodi, n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu zoti zioneke bwino pa chithunzi cha pafoni kuti Stars ipambana.