Mkamwini Kuseri kwa Nkhokwe

M'chaka cha 1951, kumudzi wina kufupi ndi Lizulu, mayi ake a Esnath anagwa chagada pabwalo akutula dengu la kachewere. Kuwaitana, zii. Kuwatsina, zii.

A Silvester, malume ake a Esnath, anawakoka mayiwo n'kuwatsamiritsa kukhoma, nayamba kuwathira madzi m'kamwa ndi chikho. Munthu wokomoka n'kumamumwetsa madzi, nzeru zake ziti? Kukhosi kunayamba kulira, milomo ikuda.

Esnath anaunguza mwamuna wake Yoramu, bambo wa mwana wake Ida. Yoramu anatha zaka zisanu kumigodi ya ku Joni, kumene anaphunzira kutsitsimutsa anthu okomoka. Koma taonani munthuyo, ali chilili kuseri kwa nkhokwe, nkhope kumbali, poti mkamwini sayandikira apongozi.

"Bambo a Ida, bwerani msanga, amayi akutsamwa."

Yoramu atangosuntha phazi, a Silvester anamuloza. "Bwerera iwe. Ukhudze apongozi ako ine ndili moyo? Za ku Jonizo uzikachitira komweko."

Esnath magazi anamuwira. Ulemu wanji wodikira kuti munthu afe? Anakankha chikhocho, madzi n'kumwazika pamiyendo ya malume ake.

"Basi, imani pomwepo bambo a Ida. Inu muzinena, manja ndi angawa."

"Agonekeni chammbali," anafuula Yoramu. "Nkhope ipendekere pansi, chibwano mukweze. Pisani chala m'kamwa, muchotse zonse. Masulani nsalu pachifuwa. Madzi ayi, ngakhale dontho."

Esnath anachita zonsezo, amayi ena atayamba kale kulira maliro. Madzi anatuluka m'kamwa, osakanikirana ndi phala la m'mawa. Mayiwo anakhosomola, nakoka mpweya wautali, ndipo patapita kanthawi anaphenya.

"Akupuma?" anafunsa Yoramu.

Mayiwo atamva mawu amenewo anadziphimba ndi nsalu kumaso. "Mkamwini wandiona ndili chonchi?"

"Ayi mlongo, ndinamuletsa," anatero a Silvester. "Madzi anga aja ndiwo akudzutsani."

Esnath anayembekeza kuti wina atsutse. Bwalo lonse linaona, koma aliyense anangoyang'ana kumbali. Anapsa mtima mpaka misozi.

Mayi ake anatulutsa dzanja m'nsalu muja, nalambalala la Esnath, n'kugwira la a Silvester.

"Zikomo achimwene," anatero. "Pakanapanda inu, ndikanachita manyazi."